Ma SSD a Samsung: zofunika kudziwa musanatulutse ndalama

Aliyense amene anayesapo kugula SSD akudziwa mmene mayina ake amasokonezera mutu: 870 EVO, 870 QVO, 980, 990 PRO, T7 Shield. Zonsezi n'za kampani imodzi ndipo zonse n'zosungiramo mafayilo, koma mitengo ndi ntchito zake n'zosiyana kutalitali. Mayinawa sanangoperekedwa mwachisawawa. Dzina lililonse limaulula zimene zili mkati mwa chipangizocho ndi kompyuta imene chingalowemo, ndipo wodziwa kuliwerenga salipira liwiro limene makina ake sangalikwanitse.

Kodi SSD n'chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi hard disk?

Hard disk ndi makina oyenda. Mkati mwake muli mbale zopyapyala zimene zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono koyendayenda pamwamba pa mbalezo, kowerenga ndi kulemba. Mukatsegula fayilo, kamkonoko kamayamba kasuntha kukafika pamene pali fayiloyo, kenako n'kudikira kuti mbale izungulire. Ndi kanthawi kochepa zedi, koma Windows ikamayaka imawerenga timafayilo tambirimbiri, ndiye tinthawi tija tikaphatikizana timakwana mphindi zathunthu. Kaphokoso kamene mumamva mu laputopu yakale ikamavutika kutsegula pulogalamu n'ka kamkono kameneka.

Mu SSD mulibe choyenda chilichonse. Mafayilo amasungidwa m'machip otchedwa NAND flash, a mtundu womwewo umene uli mu fulashi ndi mu memori khadi ya m'foni. Njira imeneyi anaitulukira Fujio Masuoka wa kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980, ndipo mtundu wa NAND unalengezedwa mu 1987. Poti mulibe choyenda, SSD sichita phokoso, sidya batire kwambiri, ndipo laputopu ikagwa ili chiyakire mafayilo sawonongeka msanga monga zimachitikira ndi hard disk.

Samsung timaidziwa ndi mafoni ndi ma TV. Inalowa bwanji m'zosungiramo mafayilo?

Inalowa kale kwambiri, mafoni ake asanatchuke. Lee Byung-chul anayambitsa Samsung mu 1938 mu mzinda wa Daegu ku Korea, ili kampani yogulitsa nsomba zouma ndi zakudya zina. Nthambi ya zipangizo zamagetsi, Samsung Electronics, inabadwa mu 1969 ndipo likulu lake lili ku Suwon, kumwera kwa Seoul. Mu 1983 Lee analengeza kuti kampaniyo iyamba kupanga machip a memori, ntchito imene pa nthawiyo inali m'manja mwa makampani a ku America ndi ku Japan, ndipo chaka chomwecho inatulutsa DRAM yake yoyamba ya 64K. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 inali patsogolo pa onse pa malonda a DRAM, ndipo patapita zaka zina inatsogolanso pa malonda a NAND.

Mu 2006 inatulutsa SSD ya 32GB n'kuiika m'malaputopu ake. Mu 2011 inagulitsa nthambi yake yonse yopanga ma hard disk kwa kampani ya Seagate, kusonyeza poyera kumene inkaona kuti zinthu zikulowera. Lero machip ake a NAND amapangidwa makamaka ku Pyeongtaek ku South Korea ndi ku Xi'an ku China.

Pali makampani ambiri ogulitsa ma SSD. Chosiyana ndi Samsung n'chiyani?

Kawirikawiri SSD imakhala ndi zigawo zinayi zikuluzikulu: machip a NAND osungiramo mafayilo, controller imene imayendetsa zonse, DRAM yosungira mapu a pamene pali fayilo iliyonse, ndi firmware, pulogalamu ya mkati yolamulira controller ija. Samsung imapanga yokha zinayi zonsezi. Ngakhale ma controller ake ali ndi mayina awoawo: Phoenix mu 970 EVO, Elpis mu 980 PRO, Pascal mu 990 PRO.

Opanga NAND padziko lonse ndi ochepa: Samsung ndi SK hynix ku South Korea, Kioxia ku Japan, Micron ndi SanDisk ku America, ndi YMTC ku China. Mayina ena ambiri amene mumawaona m'masitolo amagula machip kwa amenewa, controller n'kuigula kwa makampani a ku Taiwan monga Phison ndi Silicon Motion, iwo n'kungolumikiza. Kutero si kulakwa, ndipo ma SSD ambiri abwino amapangidwa choncho. Koma wopanga zonse yekha amatha kugwirizanitsa bwino zigawozo, ndipo vuto likapezeka sakhala ndi wina womuloza chala.

Nanga PRO, EVO ndi QVO zimatanthauza chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chip cha NAND chili ndi tizipinda mabiliyoni ambiri, ndipo kachipinda kalikonse kamasunga mphamvu yamagetsi yochepa. Kuchuluka kwa mphamvuyo ndi kumene kumawerengedwa kuti ndi 0 kapena 1.

Tayerekezani ndowa ya madzi. Mukangofunsidwa ngati ili yodzaza kapena yopanda kanthu, mumayankha mutangoponya diso, ndipo ngakhale madzi atatayika pang'ono yankho silisintha. Koma ndowa yomweyo ikalembedwa mizere 16 kuchokera pansi kufika pamlomo, muyenera kuwerama n'kuyang'anitsitsa, kuthira kwake kumafuna dzanja lodekha, ndipo madzi ochepa okha akatayika mwasokoneza kale mzere.

Kachipinda kosunga bit imodzi kali ndi milingo iwiri yokha. Ameneyo ndi SLC. Kosunga ma bit awiri, MLC, kali ndi milingo inayi. TLC imasunga atatu pa milingo 8, QLC anayi pa milingo 16. Ma bit akamachuluka pa kachipinda kamodzi, malo osungira amakula ndipo mtengo umatsika, koma kulemba kumachedwa ndipo kachipindako kamatha msanga.

EVO ndi TLC, ya ntchito za tsiku ndi tsiku. Samsung ndi imene inayamba kugulitsa TLC kwa anthu wamba, mu SSD ya 840 ya mu 2012. QVO ndi QLC. Inayamba ndi 860 QVO kumapeto kwa 2018, ndipo 870 QVO ya mu 2020 imafika 8TB. PRO poyamba inali MLC, mpaka pa 970 PRO. Kuyambira pa 980 PRO nayonso ndi TLC, kungoti ili ndi controller yamphamvu ndi DRAM yakeyake. Chenjezo limodzi: m'mapepala a Samsung TLC imalembedwa kuti "3-bit MLC" ndipo QLC kuti "4-bit MLC". Yang'anani nambala ya kumayambiriroyo, osati zilembo zitatu zotsatirazo.

Pabokosi pamalembedwa V-NAND. Ndi mawu otsatsira malonda chabe?

Ayi, ndi kusintha kwenikweni kwa kapangidwe. Kale tizipinda tonse tinkayalidwa pa nsanjika imodzi, ndipo njira yokhayo yowonjezerera malo inali kutichepetsa. Zinafika poti tayandikana kwambiri mpaka mphamvu ya kachipinda kamodzi kumasokoneza kanzake. Mu 2013 Samsung inayamba kutisanjikiza kupita m'mwamba, nsanjika 24, ndipo inali yoyamba kupanga machip oterewa ochuluka. SSD ya 850 PRO ya mu 2014 inali ndi nsanjika 32. Machip a masiku ano apitirira nsanjika 200. Opanga NAND onse tsopano amasanjikiza. V-NAND ndi dzina chabe limene Samsung imatchulira njira yake. Kusanjikizaku ndi kumene kunatsitsa mitengo mpaka SSD ya 1TB kukhala chinthu choti munthu wamba n'kugula.

Manambala aja, 870, 980, 990, 9100, akunena chiyani?

Akunena njira imene SSD imalumikizidwira ku kompyuta, ndipo apa ndi pamene ambiri amagula chinthu chosalowa m'makina awo.

Oyamba ndi 8, monga 860 ndi 870, ndi a SATA. 870 EVO ndi kabokosi kopyapyala ka mainchesi 2.5, kofanana msinkhu ndi hard disk ya laputopu, ndipo kamalowa pamalo pomwepo. Njira ya SATA ili ndi malire ake, choncho 870 EVO, imene inatuluka mu 2021 m'misinkhu ya 250GB mpaka 4TB, imawerenga 560MB ndi kulemba 530MB pa sekondi. Palibe SSD ya SATA imene ingapitirire pamenepo kwenikweni.

Oyamba ndi 9 ndi a NVMe. Amaoneka ngati kabolodi kakang'ono kopanda chikuto, mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali, n'chifukwa chake amalembedwa M.2 2280. Amalowetsedwa mopendekeka pang'ono m'kabowo ka pa motherboard, kenako n'kumangidwa ndi kasikuluu kamodzi kumapeto. Woyamba wogulitsidwa m'masitolo anali 950 PRO mu 2015. 970 EVO Plus ndi 980 zimayenda pa PCIe 3.0 ndipo zimafika 3,500MB pa sekondi. 980 PRO ya mu 2020 inabweretsa PCIe 4.0 ndi 7,000MB. 990 PRO ya mu 2022 inafika 7,450MB. 9100 PRO ya mu 2025 ndi ya PCIe 5.0 ndipo imafika 14,800MB.

SSD yatsopano imagwira ntchito pa kabowo ka m'badwo wakale, koma pa liwiro la kabowoko. 990 PRO yoikidwa mu laputopu ya PCIe 3.0 siyenda kuposa 970 EVO Plus. Komanso malaputopu ena akale ali ndi kabowo ka M.2 kolandira SATA yokha. Mukaikamo ya NVMe, kompyuta siiona n'komwe.

Ndiye 990 PRO ipangitsa kompyuta yanga kuthamanga kuwirikiza maulendo 13 kuposa 870 EVO?

Ayi ndithu. Nambala yaikulu ya pabokosi ndi ya kuwerenga fayilo imodzi yaikulu mondondozana, monga vidiyo yaitali. Ntchito zambiri za pakompyuta, kuyatsa Windows, kutsegula Word kapena Excel, kuyenda pa intaneti, n'zowerenga timafayilo ting'onoting'ono tomwazikana, ndipo pamenepo ma SSD sasiyana kwambiri. Kusiyana kumene munthu amakuona ndi maso n'kwa kuchoka pa hard disk kupita pa SSD iliyonse. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe amakumva makamaka okonza mavidiyo, osuntha mafayilo akuluakulu tsiku ndi tsiku, ndi osewera magemu olemera. Sony, mwachitsanzo, imalangiza kuti SSD yowonjezera mu PlayStation 5 ikhale ya PCIe 4.0 yofika 5,500MB pa sekondi, yokhala ndi chitsulo chochotsa kutentha.

Liwiro la kulemba nalonso lili ndi chinsinsi chake. Samsung imapatula gawo la SSD kuti lizilembedwa bit imodzi pa kachipinda, mwachangu, ndipo zolembedwazo zimasamutsidwa bwinobwino kompyuta ikapuma. Njirayi imatchedwa TurboWrite. Gawo limeneli likadzaza, liwiro lenileni la machip limaonekera. Pa 870 QVO ya 1TB, mukakopera zinthu zopitirira 42GB nthawi imodzi, liwiro limagwa kufika pafupifupi 80MB pa sekondi, kuchepera ngakhale hard disk yabwino. N'chifukwa chake QVO ndi yoyenera kusungiramo zinthu zowerengedwa kawirikawiri koma zolembedwa kamodzikamodzi, monga mafilimu, nyimbo ndi zithunzi.

Chinanso, 980 yopanda PRO, 990 EVO ndi 990 EVO Plus zilibe DRAM yawoyawo. Zimabwereka pang'ono memori ya kompyuta. Pa ntchito za mu ofesi simungazindikire kusiyanako, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo.

Akuti SSD imatha ikamalembedwalembedwa. Ikhala zaka zingati?

N'zoona kuti kachipinda kalikonse kali ndi malire a maulendo amene kangafufutidwe n'kulembedwanso. Controller imagawa ntchito kuti tizipinda tonse tizitha mofanana. Malirewo amalembedwa ndi zilembo TBW, kutanthauza ma terabyte onse amene angalembedwe waranti isanathe. 870 EVO ya 1TB ili ndi 600 TBW ndi waranti ya zaka zisanu. Chimodzimodzinso 990 PRO ya 1TB. 870 QVO ya 1TB ili ndi 360 TBW ndi zaka zitatu. Waranti imatha pa chimene chayamba kukwana, zaka kapena TBW.

Tawerengani nokha. Munthu wolemba 50GB tsiku lililonse, zimene n'zambiri kwa wogwira ntchito za mu ofesi, angatenge masiku 12,000 kuti akwanitse 600TB. Zimenezo ndi zaka zoposa 30. Laputopu idzatha SSD isanathe. Choopsa chenicheni si kutha kwa tizipinda koma kufa mwadzidzidzi kwa controller kapena kusokonekera kwa firmware. Hard disk kawirikawiri imayamba yadandaula, kuchedwa ndi kulira, isanafe. SSD ikhoza kungosowa m'mawa wina popanda chenjezo. Ndipo fayilo yofufutidwa pa SSD ndi yovuta kuibweza, chifukwa lamulo lotchedwa TRIM limauza controller kuti iyeretse malowo. Zofunika kwambiri zisungeni malo awiri.

Kodi ma SSD a Samsung anakhalapo ndi mavuto?

Inde, ndipo ndi odziwika. Mu 2014 ogwiritsa ntchito 840 EVO anaona kuti mafayilo amene akhala miyezi osalembedwanso akuwerengeka mochedwa kwambiri. Samsung inatulutsa firmware yokonza, ndipo inabwerezanso mu 2015 vutolo litabwerera. Kumayambiriro kwa 2023 ma 990 PRO ena ankaonetsa thanzi lawo likutsika mofulumira ali atsopano, ndipo ma 980 PRO ena a 2TB okhala ndi firmware yakale ankakana kulembedwa. Zonsezi zinakonzedwa ndi firmware yatsopano.

Phunziro lake n'losavuta. Ikani pulogalamu yaulere ya Samsung Magician, yotengedwa pa tsamba la kampaniyo. Imaonetsa kutentha kwa SSD, kuchuluka kwa zimene zalembedwa kale, ndi firmware yatsopano ikakhalapo. Posintha firmware, yambani mwasunga mafayilo anu kwina, ndipo batire ikhale yodzaza.

Kuno magetsi amazimazima. Zimenezi sizingaiwononge?

Pa laputopu palibe nkhawa yaikulu chifukwa batire imagwirizira. Pa kompyuta ya padesiki, kapena laputopu ya batire yakufa imene imangodalira chaja, magetsi akathima SSD ili mkati molemba mukhoza kutaya zimene zimalembedwa pa nthawiyo, ndipo nthawi zina mapu a mafayilo amasokonekera. Ma SSD a m'maseva a makampani amakhala ndi ma capacitor omalizitsa kulemba magetsi akathima, koma a EVO, QVO ndi PRO alibe chitetezo chokwanira choterocho. UPS yaing'ono, batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima, imathetsa vutoli.

Palinso mbali ina. Mphamvu ya m'tizipinda imatuluka pang'onopang'ono SSD ikakhala osayatsidwa, makamaka pamalo otentha. Muyezo wa bungwe la JEDEC umafuna kuti SSD yofika kumapeto kwa moyo wake isunge mafayilo chaka chimodzi pa madigiri 30 ili yozima. Yatsopano imapirira nthawi yaitali kuposa pamenepo, komabe SSD si yotsekera mu sutikesi zaka zisanu muli zithunzi za ukwati.

Nanga za T5, T7 ndi T9?

Amenewa ndi oyenda nawo, olumikiza pa USB, ang'ono okwana m'thumba la shati. T5 ya mu 2017 inkafika 540MB pa sekondi. T7 ya mu 2020 imafika 1,050MB, ndipo T7 Touch imatsegulidwa ndi chidindo cha chala. T7 Shield ya mu 2022 yakutidwa ndi labala, imapirira fumbi ndi madzi owazika pa muyezo wa IP65, komanso kugwa kuchokera mamita atatu; ojambula zithunzi ndi mavidiyo oyenda m'misewu yafumbi ndi amene amaifuna. T9 ya mu 2023 imafika 2,000MB, koma pokhapokha kompyuta ili ndi USB 3.2 Gen 2x2, imene malaputopu ambiri, kuphatikizapo a Apple, alibe. Popanda imeneyo T9 imayenda mofanana ndi T7. Samalaninso ndi T5 EVO: dzina likufanana ndi T5, imafika 8TB, koma liwiro lake ndi 460MB.

Ndagula ya 1TB koma Windows ikuonetsa 931GB. Andibera?

Ayi. Opanga amawerenga kuti 1,000 ndiye kilo, pomwe Windows imawerenga 1,024. Malo ndi omwewo, kawerengedwe n'kosiyana. Ya 500GB imaoneka 465GB.

Ndingadziwe bwanji yachinyengo?

Dzina likatchuka, okopera sachedwa. Pali ma 980 PRO ndi 990 PRO abodza okhala ndi sitika yofanana ndi yeniyeni, mkati muli machip otsika, ndipo ena amagulitsa ngakhale mayina amene Samsung sinapangepo. Mtengo wotsika modabwitsa ndi chizindikiro choyamba. Pemphani wogulitsa aiike mu kompyuta inu muli pomwepo, mutsegule Magician: imanena ngati SSD ili yeniyeni, ndipo imaulula ngati yogulitsidwa kuti ndi yatsopano yalembedwapo kale ma terabyte. Tengani risiti yolembedwa nambala ya chipangizocho.

Mukatsegula laputopu ya kaunjika ya Dell, HP kapena Lenovo n'kupeza SSD ya Samsung yolembedwa PM981 kapena PM9A1, musadabwe. Si yabodza. Amenewa ndi amene Samsung imagulitsa mwachindunji kwa opanga makompyuta. PM9A1 ndi m'bale wake wa 980 PRO. Kusiyana n'kwakuti waranti ndi firmware yake zimachokera kwa wopanga laputopuyo, osati kwa Samsung.

Tsono ndigule iti?

Yambani ndi kompyuta yanu, osati ndi bokosi la m'sitolo. Pezani nambala ya mtundu wake pansi pa laputopu, mufufuze ngati imalandira SATA ya mainchesi 2.5, M.2 ya SATA kapena M.2 ya NVMe. Apo ayi, katswiri wokonza makompyuta atsegule aone.

Ngati ndi laputopu yakale ya hard disk, 870 EVO ya 500GB ndi yokwanira, ndipo hard disk yochotsedwayo mukhoza kuiika m'kabokosi ka USB n'kumasungiramo makope a mafayilo. Magician ili ndi gawo losamutsira Windows ndi zonse kuchokera pa disk yakale, kotero simuyenera kuyambiranso. Ngati ili ndi NVMe ndipo ntchito yanu ndi ya sukulu kapena ya mu ofesi, 990 EVO Plus kapena 980 n'zokwanira. 990 PRO ndi ya okonza mavidiyo ndi a magemu. 9100 PRO ndi ya okhawo amene ali ndi motherboard ya PCIe 5.0 ndi njira yabwino yoziziritsira, chifukwa liwiro lotero limabwera ndi kutentha.

Ndalama zikakhala zoperewera, sankhani malo aakulu m'malo mwa liwiro lalikulu. SSD yodzaza thothotho imachedwa, chifukwa controller imasowa malo osinthira ndipo gawo la TurboWrite limachepa. EVO ya 1TB yokhala ndi mpata idzakutumikirani bwino kuposa PRO ya 500GB yodzaza mpaka pakhosi.